Mwaye wa Sisitere Namakhwa

Zaka khumi ndi zinayi manja angawa ankadziwa tiyi yekha:
masamba awiri ndi nsonga, dengu kumsana,
mame akulowa m'mafupa dzuwa lisanatuluke.
Lero avala magolovesi
m'nyumba ya okalamba kuseri kwa msika wa Luchenza.
Mabedi makumi awiri. Choyezera shuga chimodzi.

Chimodzi basi,
chaching'ono ngati bokosi la machesi,
koma chimayenda bedi ndi bedi kuposa mphekesera.

Lachiwiri Sisitere Namakhwa anatisonkhanitsa tonse asanu pakhonde.
Sanalembe kanthu pabolodi.
Anati, patsiranani kachipangizoka, muyeseze kuyezana.
Tinapatsirana, tikuseka.
Kenako anati, tambasulani zikhatho.
Bii!
Anali atapaka mwaye kunsi kwake.
Esinta unamufika patsaya,
Fulaye pakolala ya yunifolomu,
ine pafoni, pachitseko, ndi pa chikho chomwera madzi.

Mwaye ndi waulemu, anatero, umadziulula.
Kachilombo ka chiwindi sikadetsa dzanja.
Kamakhala phee m'kadontho ka magazi kouma,
kudikira chala chotsatira.

Ndiye tinaphunzira ngati ana a sitandade wani.
Sopo pakati pa zala, kuseri kwa zikhadabo.
Singano imodzi, chala chimodzi, kenako m'bokosi lachikasu,
ngakhale ioneke yonyezimira bwanji.
Pukuta, dikira chiume chokha.
Osauzira ndi pakamwa, si phala la mwana ili.

Bedi lachisanu ndi la bambo Mulipa.
Anali kalaliki wa pasikelo kuesiteti,
ndiwo ankandichotsera makilo awiri tsiku la mvula
ati ndikugulitsa madzi.
Sanandizindikire. Ine sindinawakumbutse.
Nditawayeza ndinatenga thonje, nkuyamba kupukuta.
Maso awo anafiira.
Mayi, mukupukuta chiyani pamenepo?
Ndanyansa ine?
Ndinavalapo tayi ine, mukudziwa?

Mawu a Sisitere anandithawa onse.
Ndinangoti,
sindikupukuta inu, bambo, ndikupukuta njira.
Ndinapukutanso ndisanafike pa inu.
Anatembenukira kukhoma.
Masiku atatu ankandipatsa chala osandipatsa moni.

Lachisanu usiku magetsi anazima,
mvula ikumenya malata ngati ili ndi mlandu nawo.
Pabedi lachisanu ndi chimodzi mayi Nasiyaya ananyowa thukuta lozizira,
milomo ikunjenjemera, dzina langa likuwasokonekera.
Ndinathamanga, tochi pakamwa,
kachipangizo ndakatola pomwe wina anakasiya,
sindikudziwa kachoka pa chala cha yani.
Ndagwira kale dzanja lawo.

Mumdima, kuseri kwa katani:
Mayi, thonje.

Mawu omwe aja a pasikelo,
osakweza, osanyengerera.
Thonje kaye.

Ndinapukuta.
Ndinawerenga chamumtima kuti chiume,
ndipo sindinaonepo mphindi yayitali chotero,
yayitali kuposa mzere wa tiyi wa kumtunda kwa damu.
Singano yatsopano. Kadontho.
Shuga watsika kwambiri.
Tiyi wa m'fulasiki, masupuni atatu,
pang'onopang'ono, mutu wawo uli pamkono panga,
mpaka anandifunsa chifukwa chake ndikulira.

M'mawa ndinalemba zonse m'buku:
ola, nambala, dzina, ndi kuti ndinatsala pang'ono kuiwala.
Sisitere anawerenga osakweza mutu.
Anati izi ukanene wekha Lachiwiri, anzako amve.
Anatinso sipiliti watsala wa masiku anayi,
galimoto ya kuboma sidziwika.

Bambo Mulipa anatambasula chala ndisanapemphe.
Anayang'ana thonje, anayang'ana ine.
Munkathyola mbali ya kudamu, eti?
Dengu lanu linkalemera madzi.

Linkalemera tiyi, bambo.

Anaseka mpaka kutsokomola.
Ndinavula magolovesi, nkupita kumpopi,
sopo pakati pa zala.
Bedi lachisanu ndi chimodzi likudikira.